Loya wa ku Italy amene anandigwirira mapepala ku Bedford

Kwathu ku Balaka, munthu wa ku Italy tinkamudziwa ngati wansembe basi. Abambo a Montfort aja, ena a ndevu zoyera, olalikira m'Chichewa chopindika koma chomveka. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakhala m'kaofesi ka pamwamba pa shopu ku Bedford, ku England, ndikupukuta misozi pamaso pa bambo wa ku Italy amene si wansembe koma loya, iye ali kalikiliki kuwerenga masiku pa kalendala ndi nsonga ya bolopeni.

Amayi angapo a kutchalitchi akhala akundifunsa kuti mapepala anga anatheka bwanji mu 2024, ndipo ndatopa kufotokoza nkhani imodzimodzi pa foni usiku nditaweruka. Ndiye ndalemba. Dzina la loyayo sinditchula, amene akulifuna andifunse pambali. Anthu a kwawo amangowaitana kuti Avvocato, kutanthauza loya m'chiyankhulo chawo, ndipo inenso ndinazolowera choncho.

Ndinafika kuno mu Okutobala 2022 pa viza ya ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo: kusambitsa, kumwetsa mankhwala, kuphika kaphala, kenako kuthamangira basi kupita kwa wina. Amene muli pa viza imeneyi mukudziwa kuti moyo wako wonse umamangiriridwa kwa kampani imene inakuitana. Kumayambiriro kwa 2024 maola anayamba kuchepa, malipiro kuchedwa, abwana osayankha foni. Kenako tinangomva kuti kampani yalandidwa laisensi ya usponsa, chilolezo cha boma cholemba ntchito anthu ochokera kunja. Chakumapeto kwa Juni ndinalandira imelo yochokera ku Home Office, unduna woona za maviza, yonena kuti viza yanga yafupikitsidwa, ndatsala ndi masiku 60 oti ndipeze sponsa wina kapena ndinyamule katundu.

Apa ndinachita zopusa, ndipo ndizinena kuti wina asazibwereze. Mnzanga anandilumikiza ndi mkulu wina wa ku Luton amene ankati "amathandiza za mapepala". Ofesi analibe, tinakumana m'galimoto mwake. Anatenga £600 ya "kutsegulira fayilo", nkunena kuti kalata ya usponsa apeza ndikawonjezera masauzande angapo. Patatha milungu iwiri nambala yake inasiya kulowa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndithu, ndipo masiku 14 mwa 60 aja anapita nawo limodzi.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa agogo ena amene ndinkawasamalira. Agogowo anali a zaka zopitirira 90, ochokera kumudzi wina kufupi ndi Avellino. Amuna awo anabwera ku Bedford m'zaka za m'ma 1950 kudzaumba njerwa. Mwina simukudziwa kuti tauni ino ili ndi anthu ambiri a ku Italy chifukwa cha njerwa. Nkhondo yachiwiri itatha, Britain inkamanga nyumba zambiri, ndipo makampani ngati London Brick Company ku Stewartby ankasowa anthu olola kugwira ntchito pa mauvuni. Kuyambira 1951 anayamba kukatenga anyamata kum'mwera kwa Italy, ku Campania, Puglia, Molise, Calabria ndi Sicily, pa kontrakiti ya zaka zinayi. Zaka zinayizo sunkaloledwa kusiya njerwa kukagwira kwina. Agogo aja ankandiuza zimenezi ndikuwapesa tsitsi, ine nkumangoti inde agogo, osadziwa kuti akundifotokozera goli lomwelo limene linali pakhosi panga. Fakitale ya ku Stewartby inatsekedwa mu 2008, koma adzukulu a oumba njerwa aja ndiwo ali ndi mashopu, malesitilanti ndi maofesi ambiri m'tauni muno.

Mwana wa agogowo atamva za vuto langa anangoti, "Pita kwa Avvocato, ndi amene anatikonzera za nyumba ya bambo kumudzi." Anandiimbira yekha foni yopempha tsiku.

Ofesi yake musayembekeze zapamwamba. Makwerero ndi opapatiza ndi otsetsereka, moti munthu wa mwendo wovuta kapena wa mwana pa ngolo avutika. Podikirira pali mipando itatu yokha, ndipo khomalo ndi lopyapyala. Ndinamva nkhani yonse ya banja lina limene linkakangana za munda wa azitona, ngakhale mawu ake sindinkawamva, mkwiyo umamveka m'chiyankhulo chilichonse. Zikutanthauza kuti nawonso anamva kulira kwanga. Ichi ndi cholakwika choyamba, ndipo ndinawauza.

Kukumana koyamba ndinalipira £150 ya ola limodzi, koma tinakhala pafupifupi ola ndi theka osawonjezera kanthu. Asanandifunse chilichonse anatereka kampoto kawo kachitsulo ka khofi pa kambaula ka magetsi pakona, nkundithirira m'kakapu kochepa ngati chivindikiro cha botolo. Khofi wakuda bii, wowawa ngati katupe. Ine wa tiyi wamkaka wa masupuni atatu a shuga ndinangomwa mwaulemu. Kenako anati, "Mayi, musandiuze kaye nkhani. Ndionetseni kalata." Anaiwerenga kawiri, nkuzunguliza tsiku limene viza ikuthera, nkutenga kalendala ya pakhoma kuiika patebulo. Ine ndinkawerenga masiku kuyambira tsiku limene kampani inalandidwa laisensi, choncho ndinkaganiza kuti ndatsala ndi ochepa kwambiri. Iwo anandisonyeza kuti chofunika ndi tsiku lolembedwa m'kalatamo. Mtima unatsikako pang'ono.

Kenako anandiuza zinthu zimene sindinkafuna kumva. Loya sapezera munthu ntchito. Kalata ya usponsa si katundu wogulitsa, ndipo aliyense wondiuza kuti ndilipire masauzande kuti ndiilandire akundibera kapena akundiika m'dzenje lalikulu kuposa limene ndilimo. Nditawauza za mkulu wa ku Luton uja sanandiseke. Anatembenuza kompyuta nkundionetsa mmene ungafufuzire dzina la loya pa kaundula wa Solicitors Regulation Authority, bungwe loyang'anira maloya, kuyamba ndi dzina lawo lomwe. Anati kuno kupereka uphungu wa za viza usanalembetsedwe ndi mlandu, ndipo amene si loya ayenera kukhala pansi pa bungwe limene nthawi imeneyo linkatchedwa OISC, pano analisintha dzina kukhala Immigration Advice Authority. Anafotokozanso kuti thandizo laulere la boma pa nkhani za viza ngati yanga linachotsedwa kalekale mu 2013, choncho ndisataye nthawi kulifunafuna.

Ntchito ndinasaka ndekha, usiku ndi usana. Chimene iwo anachita ndi kusefa. Malo oyamba atandilonjeza, ndinathamangira kwa iwo ndi kontrakiti ndikumwetulira. Anaiwerenga mwakachetechete, nkuloza ndime ina patsamba lachisanu: ndikasiya ntchito zaka zisanathe ndidzabweze ndalama zambirimbiri za "maphunziro ndi kukonza mapepala". Anakweza manja onse awiri, zala atazisonkhanitsa pamodzi mmene amachitira anthu a kwawo, nkuti, "Mwangotuluka m'khola limodzi, mukufuna kulowa lina?" Ndinakwiya. Masiku anali akutha, ine ndinkaona ngati akusewera ndi moyo wanga. Koma ndinamvera. Malo achiwiri, nyumba yosungira okalamba kufupi ndi Kempston, anawafufuza pa mndandanda wa boma wa makampani ololedwa kusponsa, anaonanso ngati ali olembetsedwa ku Care Quality Commission, bungwe loyang'anira malo osamalira okalamba ndi odwala, popeza kuyambira pa 11 Malichi 2024 lamulo linkafuna zimenezo ku England. Anawerengera malipiro kuti akufika pa £23,200 pachaka imene inkafunika nthawi imeneyo, ndiponso kuti maola olembedwa m'kalata ya usponsa ndi omwewo a m'kontrakiti. Apa anapeza kuti maola akusiyana, anaimbira okha abwana atsopanowo, nkukonzetsa tisanatumize chilichonse. Ndekha sindikanaona.

Pa ntchito yonseyo anandilipiritsa £900, ndipo analola kuti ndipereke katatu. Boma linatenga £284 yake ya viza. Si ndalama zochepa kwa munthu amene wakhala miyezi osalandira bwino, ndinachita kubwereka ku chipereganyu chathu. Koma zonse zinalembedwa m'kalata tisanayambe: achita chiyani, sachita chiyani, ndalama zingati, ndipo ndikakhala ndi dandaulo ndipite kuti. Mtengo sunasinthe mpaka pamapeto.

Tsopano zowawa zake, chifukwa zilipo.

Foni sayankha. Ukaimba masana umangomva belu, kapena kamtsikana ka pa ofesi kamati ali ndi kasitomala. Mayankho amabwera pa imelo, nthawi zambiri 11 koloko usiku, nthawi zina patapita masiku atatu. Kwa munthu amene akuwerenga masiku 60, masiku atatu ndi chaka. Ndinaonda nawo mwezi umenewo.

Kalembedwe kawo ka manambala kanangotsala pang'ono kundipweteka. Anthu a ku Italy polemba 1 amayamba ndi kamchira katalikatali kokwera, moti amaoneka ngati 7 wathu. Anandilembera pa kapepala tsiku lokumana, ine ndinawerenga 7 Ogasiti pomwe iwo analemba 1 Ogasiti. Mwamwayi kamtsikana kaja kanandiimbira m'mawa wa tsikulo kufunsa ngati ndanyamuka. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Iwo anaseka mpaka kugwira pamimba, nkundionetsa kuti 7 wawo amakhala ndi kamzere pakati. Kuyambira pamenepo ndimawauza kuti alembe tsiku m'mawu.

Chachikulu ndi Ogasiti. Kwawo pa 15 Ogasiti ndi tchuthi chachikulu chotchedwa Ferragosto, ndipo dziko lonse limakhala ngati latseka zitseko kupita kunyanja. Avvocato amanyamuka ndi banja lonse kupita ku Puglia kwa amayi awo, kugwe mvula kuwale dzuwa. Fomu yanga tinatumiza pa 9 Ogasiti, mawa lake iwo anakwera ndege. Anandifotokozera bwino kuti popeza tatumiza viza yakale isanathe, lamulo likundilola kukhalabe m'dziko muno mpaka yankho litabwera, ngakhale tsiku lija litadutsa, koma ndisayambe ntchito yatsopano yankho lisanafike. Zinali zoona. Koma milungu imeneyo anasiya mnyamata wophunzira ntchito amene fayilo yanga sankaidziwa, ndipo funso lililonse yankho lake linali loti tidikire abwana. Mnyamata yemweyo ndi amene poyamba analemba dzina la bambo anga molakwika pa fomu, anachotsa kachizindikiro ka pa ng' nkusinthanitsa zilembo ziwiri. Ndinaona ndine powerenga komaliza. Choncho ngakhale muli ndi loya, werengani chilembo chilichonse nokha. Mayina athu anthu awa amawaona ngati mulu wa zilembo basi.

Yankho linabwera patapita pafupifupi milungu itatu. Ndinawatumizira uthenga, iwo anayankha ndi chithunzi cha nyanja ndi mawu akuti brava, kutanthauza kuti wachita bwino.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, pakati pa mafomu ndi khofi uja. Anabadwira m'tauni yaing'ono kufupi ndi Foggia, anaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Bari zaka zisanu, kenako pafupifupi zaka ziwiri akunyamulira zikwama loya wamkulu, malipiro ake ongokwanira basi ndi khofi. Anakhoza mayeso a boma, nkukhala loya weniweni. Koma Italy ili ndi maloya opitirira 200,000, ndipo kum'mwera kwawoko, ngati bambo ako kapena amalume ako alibe ofesi, umakalamba ukudikira makasitomala. Mu 2012 anakwera ndege kupita ku London ndi digiri m'chikwama. Ntchito yoyamba inali yotsuka mbale m'lesitilanti, kenako yoperekera zakudya. Atanena zimenezi ndinakumbukira anzanga amene anali aphunzitsi ndi anamwino aulemu wawo kwathu, pano akusintha matewera a okalamba pamodzi nane.

Vuto silinali Chingerezi chokha. Malamulo a ku Italy ali m'mabuku akuluakulu olembedwa ndime ndi ndime, ngati buku la malamulo a pakati pa anthu la 1942 limene akugwiritsabe ntchito, ndipo loya amayambira pa ndimeyo. Kuno ku England woweruza amayang'ana kwambiri zimene oweruza anzake anagamula pa milandu yofanana m'mbuyomo. Ananena moseka kuti loya wa ku Blantyre akanavutika pang'ono kuposa iwo, popeza Malawi inatengera njira ya Angerezi. Anagwira zaka zingapo ngati wothandizira maloya, akuwerenga usiku, mpaka analemba mayeso a maloya akunja otchedwa QLTS, amene pano analowedwa m'malo ndi SQE. Gawo loyankhula ndi kasitomala wongoyerekeza analephera ulendo woyamba. Ku Bedford anasamukira chifukwa cha okalamba a kwawo: anthu amene ali ndi kanyumba kapena kamunda kumudzi ku Italy, ana awo anabadwira kuno ndipo chiyankhulo cha makolo chikuwathawa. Malamulo a kwawo amakakamiza kuti mkazi ndi ana alandire gawo la chuma cha masiye, ufune usafune, pomwe kuno munthu ali ndi ufulu waukulu wolemba wilo mmene akufunira. Ndiye pamafunika munthu wodziwa mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndiyo ntchito imene imawadyetsa. Za viza anaziyamba pambuyo pake.

Chimene chinawakankhira kumeneko ndi voti ya pa 23 Juni 2016, pamene Britain inasankha kutuluka m'mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union. Anati anagona ali munthu wa ufulu wokhala kuno, anadzuka ali mlendo wofunika kupempha. Iwo, akazi awo, ngakhale agogo ena amene anaumba njerwa za nyumba zambirimbiri za dziko lino koma sanatengepo pasipoti ya Britain, anayenera kuonetsetsa kuti mapepala awo ali bwino pasanafike pa 30 Juni 2021. Anakhala miyezi akuthandiza okalamba kujambulitsa nkhope pa foni mu holo ya tchalitchi cha St Frances Cabrini, cha anthu a kwawo, chotchedwa dzina la woyera woyang'anira anthu osamukira kumaiko ena.

Apa pali chimene ndinawalemekezera. Tsiku lina ndinati, "Ndiye ndife amodzi, Avvocato, tonse ndife alendo." Anapukusa mutu. Anati ayi mayi, musandikweze. Ine ndinalowa muno popanda viza, chilolezo changa chinali chaulere, ndinachita pa foni nditakhala pa sofa. Inu mwalipira pa sitepe iliyonse ndipo mwamangiriridwa kwa bwana mmodzi. Amene mukufanana nawo ndi oumba njerwa aja, osati ine. Ndipo n'zoona. Iwo akayankhula Chingerezi chawo chokokera mawu, azungu amati n'chokoma kumva. Ine ndikayankhula changa amandibwerezetsa katatu. Koma munthu amene anaimapo pamzere ndi pasipoti m'manja, mtima ukugunda, amamvetsera mosiyana. Sanandifunsepo chifukwa chimene sindikungobwerera kwathu.

Nkhani imene tinasemphana kwambiri ndi ya mwana wanga. Ndili ndi mtsikana wa zaka 12 amene amakhala ndi amayi anga ku Balaka. Viza itatuluka ndinabwerera kwa iwo ndi ndalama m'manja kuti tiyambe zomutenga. Anandiuza kuti khomo silinatsekeke, popeza lamulo loletsa osamalira okalamba kubweretsa mabanja limakhudza amene analowa kuyambira pa 11 Malichi 2024, ine ndinalowa kale. Koma ngati kholo linalo silikubwera, ndiyenera kusonyeza kuti udindo wonse wolera mwanayo uli pa ine ndekha. Bambo ake ali ku Johannesburg, amatumiza kangachepe Khirisimasi ikafika, ndipo ndi amene anasaina fomu ya kusukulu chaka china ali kumudzi. Anzanga anali atandilangiza kuti ndingonena kuti anamwalira. Nditangoyerekeza kutchula zimenezo, Avvocato anatseka fayilo nkuiika pambali. Anati bodza limodzi lotere likagwidwa, silithera pa mwana yekha, lidzanditsata pa fomu iliyonse mpaka tsiku lopempha chilolezo chokhazikika, ndipo iwo dzina lawo saliikapo. Anakananso kutenga ndalama zanga tsiku limenelo. Anati tikatumiza lero tiluza, ndipo mudzakhala mwataya ndalama ndi chaka.

Ndinatsika makwerero aja ndikutukwana chamumtima. Miyezi iwiri sindinapiteko. Ndinakafunsa loya wina ku Milton Keynes amene anali wokonzeka kulandira ndalama tsiku lomwelo osafunsa n'komwe za bambo a mwana, ndipo ndi pamene ndinazindikira kusiyana kwake.

Ndiye kwa amene mukufunsa ngati mupiteko: ngati mukufuna munthu wokutonthozani pa foni tsiku lililonse, kapena nkhani yanu ikuthera pakati pa Ogasiti, ganizani kawiri, kapena mugwirizane nawo poyambirira kuti akachoka fayilo isiyidwa kwa ndani. Milandu yothawa nkhondo ndi ya kukhoti la apilo sagwira, amakutumizani kwa ena. Koma pa kusintha sponsa, kuwerenga kontrakiti, ndi kukuuzani poyera pamene mulibe mwayi, ine ndabwererako ndipo ndidzabwereranso.

Agogo aja anamwalira mu Febuluwale chaka chino. Pa misa ya maliro ku St Frances Cabrini ndinawaona Avvocato kumbuyo, atavala jekete lakuda, akuyimba nawo nyimbo za kwawo. Potuluka anandigwira dzanja nkufunsa, "Malisiti mukusunga?" Ndikusunga. M'kabati yanga muli fayilo yobiriwira: malisiti a ndalama zimene ndimatumiza mwezi uliwonse, makalata a aphunzitsi akulu a mwana wanga olembera ine osati bambo ake, chikalata cha kuchipatala pamene anadwala malungo chosonyeza kuti anaimbira ine kufunsa chochita, ndi kalata ya amayi anga yofotokoza kuti maso awo akufooka. Tinapangana kuti tikaunikenso zonse pa 11 Novembala. Ndinawapempha kuti alembe m'mawu.